Mapiritsi osungunuka pa lilime a matenda a muubongo: zimene akwathu amandifunsa kuno ku Joni

Ine si dokotala, ndiyambe ndanena. Ndimagwira ntchito mu labu ya fakitale ina ya mankhwala kuno ku Johannesburg, ntchito yanga ndi kuyeza mapiritsi asanapite kokapakidwa, kuwaphwanya, kuwaviika, kuwagubuduza m'makina, tsiku lonse zomwezo. Koma chiyambire pamene achimwene anga aakulu anayamba kumva mawu oti ife sitikuwamva n'kupatsidwa olanzapine, anthu akwathu akhala akundikokera pambali, kutchalitchi ku Rosettenville, pamaliro, olo pa Park Station tikuperekeza munthu, n'kumafunsa monong'ona ngati nkhani ya ngongole. Mafunso ake amakhala omweomwewo nde ndangoti ndiyankhe kamodzi. Za mlingo wa mankhwala a m'bale wanu zokha musandifunse ine, zimenezo mwini wake ndi dokotala.

Kodi mapiritsi osungunukawa ndi chani, asiyana pati ndi amene timamwera madzi?

Mankhwala ake mkatimo ndi omwewo, chosiyana ndi kamangidwe ka piritsilo. Lawamba lija limafuna madzi kuti litsike kenako likaphwasukire m'mimba, pomwe ili mukangoliika pa lilime malovu amalowa mkati n'kuliphwasula pompo, chotsala ndi kaphala kochepa kamene mumameza ndi malovu omwewo. Kuntchito timangoti ma ODT. A FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, analemba mu 2008 kuti piritsi lotchedwa dzina limeneli liziphwasuka pa masekondi 30 kapena kuchepera apo, komanso lisamapitirire 500 mg kulemera kwake, pomwe malamulo a ku Ulaya amalola mpaka mphindi 3. Mphindi 3 ndi nthawi yaitali heve ukakhala ndi chinthu chowawa mkamwa, yesani kuwerenga muone.

Pa mankhwala a matenda ngati a achimwene angawa anayamba ndi a kampani ya Eli Lilly mu 2000 ndi olanzapine yawo, ku America amati Zyprexa Zydis, kwina Zyprexa Velotab. A Janssen anabwera ndi risperidone yosungunuka mu 2003, Risperdal M-Tab, mayiko ena dzina lake ndi Quicklet. Clozapine inatsatira mu 2004 pa dzina la FazaClo, aripiprazole mu 2006, Abilify Discmelt. Pano makampani ambiri akupanga ma generic ake, mankhwala omwewo koma pa mayina awoawo, nde mayina pa bokosi ndi mbwee, inu muzingoyang'ana dzina la mankhwala lolembedwa timalemba ting'onoting'ono pansi pake.

N'chifukwa chani anavutikira kupangira odwala muubongo, si angomwa ndi madzi ngati aliyense?

Apa ndikuuzeni za kwathu. Nthawi imene achimwene anatuluka m'chipatala koyamba tinkakhala limodzi ka room kamodzi, ine ndi amene ndinkawapatsa piritsi madzulo aliwonse, kapu ya madzi m'manja, amwa, ayasamula kundionetsa, ine mtima pansi. Patatha masabata angapo tulo tinayamba kusowanso, usiku kumangoyendayenda akuyankhula okha, ine n'kumati mankhwalawa ndi ofooka eti. Tsiku lina ndikusesa ndinakoka nsapato yawo ya kutchalitchi pansi pa bedi, kumva kuti tsekeretsekere mkati. Kukhuthula, mapiritsi, ena ofufuma mbali imodzi chifukwa anakhalako kutsaya. Ankawabisa pakati pa tsaya ndi nkhama, madzi okha n'kumeza, ine ndikatembenuka alavulira m'manja.

Manesi a kuwodi amazidziwa bwino zimenezi. Ndipo si kuti munthuyo ndi wamwano, matendawo ndi amene amamuuza kuti sakudwala, kapena kuti tikumuthira poizoni. Piritsi loti likangokhudza malovu lasanduka phala ndi lovuta kulibisa, mpata wolavula umachepa kwambiri.

Koma si zobisa zokha. Alipo achikulire amene kumeza kumawavuta, amatsamwa. Alipo ena oti piritsi likafika pakhosi amachita mseru. Ndiye pali anzathu ogwira ntchito m'nyumba za mabwana kapena pa geti usiku amene safuna aliyense awaone akumwa mankhwala, iwowa amangotembenuka pang'ono, kaika pa lilime, basi zatha, olo mu taxi yodzadza yochoka pa Bree.

Ndekuti amagwira ntchito msanga kuposa enawo?

Ayi, ndipo funso limeneli ndi limene ndimafuna anthu alimvetse kuposa onse. Kufulumirako kumathera mkamwa. Mankhwala sadutsa pa lilime kupita ku ubongo, amatsika ndi malovu kupita m'mimba ndi m'matumbo, n'kulowa m'magazi njira yomwe ija ya piritsi lawamba. Olanzapine amafika pachimake m'magazi patatha maola pafupifupi 6, kaya mwamwa losungunuka kaya lawamba. Ndipotu kampani isanaloledwe kugulitsa losungunuka imayenera kuonetsa kuti mlingo wake m'magazi ukufanana ndi wa lawamba, akapanda kufanana salola. Nde 10 mg ndi 10 mg basi. Ndipo kuti mawu aja achepe ndi maganizo akhazikike zimatenga masiku mpaka masabata. Ndinamvapo mayi ena akuti "ndampatsa losungunuka lija koma patha ola sanasinthe, ndimuwonjezere lina?" Chonde amayi musatero.

Nanga amapanga bwanji kuti lizisungunuka chonchi?

Njira zikuluzikulu ndi ziwiri, ndipo zosiyana ngati usiku ndi usana.

Yoyamba ndi youmitsa ndi chisanu, imene anayambitsa a R.P. Scherer, pano ndi a Catalent, fakitale yake ili ku Swindon ku England, ndipo dzina loti Zydis lachokera kumeneko. Apa piritsi silidindidwa n'komwe. Amasakaniza mankhwala m'madzi pamodzi ndi gelatin ndi mannitol, n'kudonthetsera madziwo m'timaenje ta paketi yomwe ija mudzagule, kenako paketiyo imadutsa mumphanga yozizira koopsa ndi nitrogen mpaka madzi aja agwirana kukhala ayezi. Akatero amalowetsa m'makina ochotsa mpweya, ndipo mmenemo ayezi uja sasungunuka kukhala madzi, amangouluka ngati nthunzi, pamalo paliponse pamene panali kachidutswa ka ayezi pamatsala kabowo. Chotuluka ndi kanthu kopepuka ngati siponji, timabowo tokhatokha, gelatin ndi amene wagwira chimango. Malovu akangofika amalowa paliponse nthawi imodzi, masekondi ochepa kasowa. Vuto lake makina ake ndi odula, amadya magetsi ndi nthawi, ndipo kanthuko n'kosalimba, kukafinya ndi chala kamanyenyeka. Komanso sikanyamula mankhwala ambiri, makamaka amene amasungunuka m'madzi mosavuta, mwayi wake mankhwala ngati risperidone ndi olanzapine mlingo wake ndi waung'ono, wina 0.5 mg mpaka 4 mg, wina 5 mg mpaka 20 mg.

Yachiwiri ndi imene ambiri opanga ma generic amatsata chifukwa makina ake ndi omwe aja odindira Panado ndi ena onse. Mumasakaniza ufa wouma, n'kuudinda, kungoti mumasankha ufa wapadera ndipo simudinda mwamphamvu. Awa amatenga nthawi yotalikirapo mkamwa kuyerekeza ndi a chisanu aja koma ndi olimbako ndiponso otchipa. Palinso kanjira kena kamene ana asukulu za famasi amakakonda pa ma project awo, kothira camphor kapena menthol mu ufa, kudinda, kenako kutenthetsa pang'ono kuti camphor auluke asiye mabowo. Pa pepala n'kokongola, koma kuonetsetsa kuti camphor yense watulukadi m'mapiritsi masauzande ndi mutu wina.

Mu ufa umenewo mumakhala chani?

Mankhwala enieniwo ndi kachigawo kochepa zedi, piritsi lambiri ndi zothandizira. Chodzadzira chachikulu ndi mannitol, mtundu wa shuga amene sakoka chinyezi msanga ndipo akamasungunuka amazizira pa lilime ngati switi ya minti, n'chifukwa chake timamukonda. Ndiye pali amene amagwira ntchito yophwasula, atatu odziwika. Crospovidone amakoka madzi kulowetsa mkati ngati mmene chingwe cha koloboyi chimakokera palafini. Sodium starch glycolate, wopangidwa kuchokera ku sitalichi wa mbatatesi nthawi zambiri, iyeyu amatupa ngati nyemba zogonera m'madzi mpaka piritsi kung'ambika. Croscarmellose sodium amachita zonse ziwiri. Ine pa atatuwa wanga ndi crospovidone, chifukwa ena aja mukawachulutsa amapanga kaphala konanda kunja kwa piritsi kamene kamatsekanso madzi kuti asalowe, mwafuna kufulumizitsa mwachedwetsa.

Pamwamba pa izi timathira microcrystalline cellulose pang'ono kuti piritsi ligwirane, silica kuti ufa uziyenda bwino m'makina osatsekera, chotsekemeretsa ngati aspartame kapena sucralose, kafungo ka minti kapena lalanje, ndi chotereretsa kuti piritsi lisamamatire kuzitsulo zodindira. Masiku ano makampani ena amagulitsa ufa wosakaniza kale, Ludiflash wa BASF, Pearlitol Flash wa Roquette, Pharmaburst, F-Melt, inu kwanu n'kungothira mankhwala ndi chotereretsa.

Pali chinthu chimodzi anthu saganizira. Tangoganizani 0.5 mg ya risperidone mu piritsi limodzi, ndi ngati kutenga kamchere kapachala n'kukamwaza mu thumba la ufa kenako n'kunena kuti chipande chilichonse chikhale ndi mchere wofanana. Sungangokhuthulira pamodzi. Timayamba kusakaniza mankhwala ndi ufa wochepa wofanana nawo, kenako kuwirikiza, kuwirikizanso, mpaka zonse zalowa, ndipo pamapeto timatenga mapiritsi 10 n'kuyeza lililonse palokha kuti tione ngati lina silinadye la mnzake.

Chovuta kwambiri pa ntchito imeneyi ndi chiti?

Kukokana kwa kulimba ndi kusungunuka. Mukadinda mwamphamvu timabowo timatsekeka, piritsi lokongola lonyezimira koma pa lilime likhala ngati mwala. Mukadinda mofewa limasungunuka bwino koma lisanafike n'komwe mu paketi m'mbali mwayamba kale kunyotsoka, pofika ku famasi ndi ufa. Malo abwino ali pakatikati ndipo ndi opapatiza, ndipo amasuntha ufa ukangosintha pang'ono.

Ndiye pali magnesium stearate, chotereretsa chija. Timathira kochepa kwambiri, kawirikawiri osapitirira 1 peresenti, ndipo kamalowa komalizira kwa mphindi zochepa chabe, chifukwa khalidwe lake ndi ngati mafuta, kamadana ndi madzi. Tsiku lina posinthana shifiti wina anasiya chosakanizira chikuzungulira atathira kale, wotuluka akuganiza kuti wolowa azimitsa, wolowa akuganiza kuti changoyatsidwa kumene. Mapiritsi anatuluka osalala bwino, aliyense kumwetulira. Kufika pa benchi yanga, ndaponya m'madzi, ndayatsa wotchi, piritsi lili phee kundiyang'ana, mphindi yatha, yachiwiri, madzi akungozungulira kunja ngati pa nthenga ya bakha. Kanthu kalikonse ka ufa kanali katakutidwa ndi mafuta aja. Batchi yonse inakanidwa ndipo ine amene ndinalemba lipoti anthu sanandipatse moni sabata yathunthu. Ena pofuna kupewa zoterezi amagwiritsa sodium stearyl fumarate amene sadana kwambiri ndi madzi.

Nyengo ya kuno nayo ili ndi zake. June ndi July mpweya wa Joni umauma mpaka milomo kung'ambika, ufa umagwira magetsi n'kumamatira pa chilichonse, pa sikelo, pa magolovesi. Ikafika December mvula ya mabingu ya masana ija, crospovidone amayamba kumwa chinyezi cha mumpweya ngati thumba lasiyidwa pululu. N'chifukwa chake zipinda zodindira zimakhala ndi makina osunga chinyezi pa mlingo umodzi chaka chonse, ndipo magetsi akathima jenereta ikachedwa aliyense maso amakhala pa geji ya chinyezi.

Mankhwala amawawa, nde akasungunukira mkamwa si chilango chimenecho?

Chikanakhala chilango akanapanda kubisa kuwawako, ndipo kwa munthu amene akukayikira kale kuti akudyetsedwa poizoni piritsi lowawa ndiye kuti mwamutsimikizira. Olanzapine savuta kwambiri chifukwa sasungunuka bwino m'madzi nde lilime silimva zambiri, chotsekemeretsa chimakwanira. Risperidone ndi wowawa, ndipo a Janssen anachita kumumangirira ku timibulu ta resin, mankhwala amakakamira pamenepo ali mkamwa, akafika m'mimba asidi ndi amene amawamasula. Njira ina ndi kukuta tizidutswa ta mankhwala ndi Eudragit E, kachikopa kamene kamasungunuka asidi akachuluka, ndekuti muyeso wake wotchedwa pH ukatsika pansi pa 5, malovu ali cha pa 7 nde mkamwa chikopacho chimakhala chilipo, m'mimba mokhamo ndi mmene chimavuka. Kungoti tizidutswa tokutidwato tikakula mkamwa mumamveka ngati mchenga wa mu mpunga wosapeta bwino, ndipo podinda mukapanikiza kwambiri chikopa chimasweka kuwawa n'kutuluka. Paliponse pali kukokana.

Mumadziwa bwanji kuti batchi ili bwino?

Timayeza zambiri koma zimene mungazimvetse msanga ndi izi. Pali kang'oma kagalasi kamene timaikamo mapiritsi n'kumazungulira ka 25 pa mphindi kwa mphindi 4, ndekuti agwa ka 100, kenako timapukuta fumbi n'kuyezanso kulemera, chotayika chisapitirire 1 peresenti. Pali makina ofinya piritsi mpaka lisweke kuti tidziwe kulimba. Pali kuviika m'madzi ofunda madigiri 37 ngati thupi la munthu, wotchi m'manja. Pa nthawi yoyesa fomula yatsopano timachitanso kamasewera kena, kupinda tishu mu kambale, kuthira madzi a mtundu, kuika piritsi pamwamba n'kuwerenga masekondi mpaka mtundu utakwera kufika pamsonga, ndimakakonda chifukwa umachita kuona ndi maso madzi akukwera. Kenako mapaketi ena amakatsekeredwa m'kabati yotentha madigiri 40 ndi chinyezi cha 75 peresenti kwa miyezi 6, kuti tione ngati adzapirire. Mapepala onsewa ndi amene amapita ku SAHPRA, bungwe loona za mankhwala kuno, lija linalowa m'malo mwa MCC mu 2018.

Ndine Msilamu, ndamva kuti muli gelatin. Nanga a shuga?

Funso ili limachokera kwambiri kwa abale athu a ku Mangochi ndi Machinga amene ali ku Mayfair ndi Fordsburg, ndipo ndi lomveka. Opangidwa ndi chisanu aja, Zyprexa yosungunuka ndi Risperdal yosungunuka, muli gelatin ndithu, ndi amene amagwira chimango. Odindidwa ambiri mulibe. Kapepala ka mubokosi kamalemba zonse zimene zili mkati, nde muuzeni wa ku famasi akuwerengereni, ndipo ngati mukufuna kudziwa kuti gelatin wake wachokera ku nyama yanji iyeyo angathe kufunsa ku kampani. Chimene ndikupempha n'choti musasiye kumwa kaye podikira yankho, pitirizani uku mukufunsa, a shehe nawonso afunseni.

Za shuga, kutsekemera kuja si shuga wa mu tiyi ndipo n'kochepa kwambiri. Amene ayenera kusamala ndi aspartame ndi obadwa ndi matenda osowa otchedwa phenylketonuria. Nkhani yeniyeni ya shuga ili pa mankhwala enieniwo, ndifika.

Ndimatsegula bwanji, ndipo ndisunge pati?

Manja ouma, choyamba. Musabowole piritsi kudutsa pa foyilo ngati mmene timachitira ndi Panado, litheka kukhala ufa. Mapaketi ake ambiri amakhala ndi kakona kosendera, mumasenda chammbuyo, n'kuligwetsera m'dzanja mofatsa, pa lilime nthawi yomweyo. Musalitulutsiretu kuti mulisunge m'kabotolo kapena m'timabokosi tija ta Lolemba mpaka Lamlungu, limamwa chinyezi n'kufewa. Kubafa ayi, pawindo ayi, pafupi ndi ketulo kapena two plate ayi, zimene ndikudziwa kuti mu room imodzi ndi zovuta, ife tinkasunga mu sutikesi pansi pa zovala. Ana asafikire, paja n'lotsekemera.

Ndingatumize kumudzi pa transporter?

Ndimamvetsa mtima wake, mayi ali ku Ntcheu mwana akudwala, inu muli kuno mukugwira. Koma mankhwalawa kuno ali pa Schedule 5, satuluka popanda kalata ya dokotala yolembera munthu amene wamuona, nde kutenga a wina n'kutumizira wina ndi mlandu komanso ngozi. Kachiwiri ganizirani ulendo wake, Beitbridge, Nyamapanda, kutentha kwa ku Tete katundu ali mu trela pansi pa lona masiku angapo, pomwe pa bokosi analemba kuti asapitirire madigiri 25 kapena 30. Chachitatu ndi chimene chimandiopsa ine, mwezi uno mwatumiza, mwezi wamawa ntchito yatha kapena transporter wagwidwa pa boda, wodwala wadukiza, matenda abwerera mwamphamvu. Bola ndalamayo mutumize ya thiransipoti apite naye kuchipatala cha boma chapafupi, akaona kuti n'zazikulu amatumiza ku Zomba Mental Hospital, kumpoto kuli St John of God ku Mzuzu, akapatsidwe mankhwala amene azitha kuwapeza mwezi ndi mwezi komweko.

Akukana kumwa. Ndingasungunule mu tiyi osamuuza?

Ili ndi funso limene anthu amafunsa atayang'ana kaye uku ndi uku. Kunena za piritsi lenilenilo, olanzapine yosungunuka kapepala kake kamalola kuisungunula m'madzi, mu juwisi wa malalanje kapena maapozi, mu mkaka kapena khofi, n'kumwa nthawi yomweyo. Koma zimenezo analembera munthu amene akudziwa chimene akumwa. Zomubisira ine ndimakana, ndipo ndikukana ngati munthu amene ndinaimapo ndi kapu m'manja ndikulingalira zomwezo. Akamwa theka n'kusiya simudziwa kuti walandira zingati. Kapu yotsalayo angamwe mwana. Akayamba kuuma khosi kapena kugwa chizungulire sadziwa chifukwa chake ndipo kuchipatala sakanena kuti akumwa kanthu. Ndipo tsiku limene adzatulukire, paja amatulukira ndithu, chimene matenda ankamunong'oneza chija kuti abale ako akukuthirira zinthu m'chakudya chasanduka choona, sadzadyanso nsima ya m'nyumba mwanu.

Njira ilipo ya lamulo. Mental Health Care Act ya 2002 imalola wachibale kupempha kuti munthu athandizidwe olo iye akukana, ngati akudziika pangozi kapena kuopseza ena, mumalemba Form 04 kuchipatala ndipo amamusunga maola 72 akumuunika. Zipatala ngati Helen Joseph, Charlotte Maxeke ndi Bara zili ndi mbali ya matenda amenewa, ofunika chithandizo chotalikirapo amatumizidwa ku Tara kapena ku Sterkfontein. Ambiri timaopa za mapepala, koma malamulo aakulu a dziko lino, gawo 27, amati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi.

Bwanji ndingophwanya lawamba ndi supuni, si chimodzimodzi?

Si chimodzimodzi, ndipo ena ndi oopsa kuwaphwanya. Paliperidone ya mapiritsi ndi quetiapine yolembedwa XR anapangidwa kuti azituluka pang'onopang'ono tsiku lonse, mukaphwanya zonse zimalowa nthawi imodzi. Funsani wa ku famasi musanaphwanye chilichonse. Losungunukalonso musamalidule pakati pokhapokha atakuuzani, limanyenyeka ndipo theka lotsalalo silisungika.

Pali ena amati pansi pa lilime, osameza. Ndi omwewa?

Ayi, ameneyo ndi asenapine, anatuluka mu 2009, ku America Saphris, ku Ulaya Sycrest. Amaoneka ngati omwewa ndipo amapangidwa ndi njira ya chisanu yomwe ija koma iyeyu yekha amalowadi m'magazi kudzera mkamwa. Pansi pa lilime thupi limalandira pafupifupi 35 peresenti, mukameza chiwindi chimaphwanya pafupifupi zonse, yotsala siifika 2 peresenti. N'chifukwa chake amati osadya osamwa kwa mphindi 10, ndipo lilime limachita dzanzi kwa kanthawi.

Mavuto ake ndi ochepa poyerekeza ndi lawamba?

Omwewo. Olanzapine amanenepetsa ndipo amapatsa njala yoti munthu amadzuka pakati pausiku kusaka buledi, amatha kukweza shuga ndi mafuta m'magazi, nde sikelo, lamba wa m'chiuno ndi kuyezetsa magazi ndi mbali ya mankhwalawo. Kunamveka nkhani zaka zapitazo yoti losungunuka silinenepetsa kwambiri, koma atayerekeza bwinobwino magulu awiri a odwala kusiyana sikunaoneke. Risperidone amatha kuumitsa minofu, kunjenjemeretsa manja, kusokoneza msambo kapena kutulutsa mkaka m'mawere olo kwa mwamuna, musachite manyazi kukanena. Clozapine kaya yosungunuka kaya ayi, kuyezetsa magazi pafupipafupi sikuthawika chifukwa amatha kugwetsa maselo oyera oteteza thupi, akatentha thupi kapena kumva zilonda pakhosi thamangani naye tsiku lomwelo.

Ndiye fodya. Utsi wa fodya umachititsa chiwindi kuphwanya olanzapine ndi clozapine mofulumira, ndekuti wosuta amakhala ndi mankhwala ochepa m'magazi kuposa wosasuta pa mlingo womwewo. Akasiya fodya mwadzidzidzi, zimene ndi zabwino, mankhwala amakwera, tulo tambiri, chizungulire, pa clozapine mpaka kukomoka. Muuzeni dokotala akamasiya kapena akayambiranso. Za chamba ndi mowa sindichita kunena.

Nanga achimwene anuwo zinatha bwanji?

Nditapeza za mu nsapato zija ndinapita nazo kukliniki zili mu pepala la shuga, adokotala sanadabwe n'komwe, anangosintha kulemba losungunuka. Masiku oyamba achimwene ankalitembenuza ndi lilime kufuna kulikankhira kutsaya, kenako n'kundiyang'ana mokwiya chifukwa palibe chokankha. Patapita miyezi mutu utakhazikika anayamba kusenda okha paketi, ndi kuseka nkhani ya nsapato. Linali lokwera mtengo kuposa lawamba ndipo miyezi ina ndinkachita kugula ndekha, koma linatiwolotsa pa nthawi yovutayo.

Atapeza ntchito ya m'garden ku Randburg n'kusamukira konko vuto linasintha, sikunalinso kubisa koma kuiwala, ndipo piritsi olo lisungunuke msanga bwanji silidzitulutsa lokha mu paketi. Anakambirana ndi adokotala awo n'kusamukira ku jakisoni wa pamwezi. Pano amadandaula kuti thako limawawa masiku awiri, ndipo mwezi uliwonse likayandikira tsiku amandiimbira kuti "iwe, Lachinayi ndi tsiku lija, unditumizire ya taxi."